Chimbalangondo Chomwe Ndinadzutsa

Ntchito yanga yoyamba ku Canada anandipezera ndi a Tembo, bambo wa ku Chipata amene tinkapemphera nawo limodzi ku Mississauga. Panthawiyo ndinali nditatha miyezi isanu ndikungotumiza makalata ofunsira ntchito, osayankhidwa ngakhale imodzi. Kwathu ndinagwira zamagetsi zaka zisanu ndi zinayi pa fakitale ina ku Kanengo, mkazi ndekha pakati pa amuna, koma kuno mapepala anga ankawayang'ana ngati risiti ya kuchigayo. Ana anga awiri ndinawasiya ku Kawale kwa akulu anga. Kuti ndiwaitanitse pankafunika ntchito yokhazikika, ya chaka chonse, yokhala ndi kalata yake, ndipo m'mutu mwanga munalibe china koma kalata imeneyo.

Lamulungu lina chokuzira mawu cha m'tchalitchi chinayamba kudukiza pakati pa ulaliki. Titaweruka ndinachitsegula ndi mpeni wa kukhitchini, ndinapeza waya wothothoka, n'kumulumikiza. A Tembo anali ataima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba.

"Iwe mwana, manja aya unayatenga kuti?"

Ndinawafotokozera. Anagwedeza mutu n'kundiyankha m'Chinyanja chawo chija chomwe ndinkakonda kuwaseka nacho. "Manje pa Mande uvale nsapato zolimba. Nizakutenga pa siteshoni ya basi."

Kumene anandipititsa kunali ku paki yamasewera kunja kwa Toronto, osati yaikulu imene aliyense amaidziwa, koma ina yaing'ono, yakale, yotsegula mu Meyi n'kutseka mu Okotobala kuzizira kukayamba. Anandilemba ya nyengo imodzi, wothandizira okonza makina. Gawo lathu linkatchedwa Mgodi. Ndi chinyumba chachitali chopanda mawindo, mkati mwake muli njanji yokhotakhota, ndipo alendo amakwera ngolo anayianayi n'kuyenda mumdima mphindi zisanu. M'mbali mwa njanji muli zidole zazikulu ngati anthu, okumba miyala ndi mapiki awo, mileme yolendewera, mathithi, mwala wonamizira kugwa. Zambiri zimayenda ndi mpweya. Kuseri kuli kompuresa, mpweya umadutsa m'mapaipi a mphira kukafika pa valavu, ngolo ikadutsa pa sensa valavu imatseguka, silinda imakankha, chidole n'kudzutsa mkono. Mlendo akukuwa ndi mantha, ife kuseri timangomva kakuti tsss.

Tinkalowa sikisi koloko m'mawa. Choyamba kukhetsa madzi m'thanki ya kompuresa, kenako kuyenda njanji yonse ndi tochi, kuyang'ana mabawuti, kupukuta masensa ndi kansalu, kupaka girizi, kuthira madzi ake m'makina otulutsa utsi. Tikatero tinkayendetsa ngolo zopanda anthu katatu, a Tembo n'kusaina pepala la tsikulo. Popanda siginecha yawo Mgodi sunkatsegulidwa. Anali atagwira pamenepo zaka zoposa makumi awiri, ndipo zinali zitatsala ziwiri kuti apume.

Anandiphunzitsa ngati mwana wawo. Pamene mpweya ukutayika ankandiuza ndipake thovu la sopo polumikizira n'kudikira kuti litukuke. Valavu yotopa ankaizindikira ndi khutu ali mamita angapo. M'mawa uliwonse ankanditenga pa kagalimoto kawo kakale, njira yonse tikukangana kuti Chichewa chenicheni ndi cha ndani, ine ndikuti chawocho chinagwa m'madzi podutsa malire a Mchinji, iwo akuti changa ndi cha pa wailesi. Basi yopita kupakiko inkafuna kusintha kawiri, ndiye kagalimoto kameneko kanandipulumutsa kwambiri.

Chimene chinandidabwitsa sabata yoyamba n'chakuti zidole zambiri mumgodimo zinali zakufa. Chokhudza ngolo ndi njanji chinkakonzedwa tsiku lomwelo, koma chidole chikawonongeka inali nkhani ina. Kapitawo wathu, mzungu wachinyamata dzina lake Kevin, ankabwera, n'kuyang'ana, n'kufunsa mtengo wa chitsulo chofunikacho. Akamva ankangoti, "Chizimitseni." Kuzimitsa kwake kunali kutseka valavu ya mpweya, kuikapo loko ndi kakhadi kofiira, kumanga mikono ya chidole ndi timalamba ta pulasitiki kuti isalendewere, kenako kuchotsa babu la nyali imene imachiunikira. Chikakhala chachikulu tinkachifunditsa nsalu yakuda. Alendo ankadutsa pafupi osadziwa kuti mumdimamo mwaima chimunthu chimene chinatukula piki zaka zisanu zapitazo osamutsitsanso. Kevin ankati, "Mlendo sadandaula chimene sanachione."

Ine zinkandiwawa, ndinene zoona. Ndinakulira m'nyumba imene ketulo yamagetsi inasinthidwa waya kanayi, ndipo ku Kanengo makina akaima tinkaphwasula ena akufa n'kutengako zitsulo, chifukwa zoitanitsa kunja zinkatenga miyezi. Kutaya chinthu chonse chifukwa cha valavu imodzi ndinkakuona kuti ndi ulesi wa anthu okhuta. A Tembo zinkawawawa kuposa ine, koma iwo ankayendera lamulo. Ankandiuza kuti, "Ukaona kadi yofiira, manja m'thumba. Kuno si kwathu." Ankalemba malipoti opempha zitsulo, Kevin n'kumawaponya m'dirowa. Pamsonkhano wa m'mawa ankawatchula agogo a zidole pamaso pa anzathu a msinkhu wa ana awo, ndipo akayamba kulankhula iye ankayang'ana wotchi. Tsiku lina anachedwa kutsika pamakwerero chifukwa cha bondo limene linkawavuta, Kevin n'kuti, "Nanunso tikuikani kakhadi kofiira posachedwa." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka pang'ono, chifukwa Kevin anali akuyang'ana mbali yanga.

Mu Julayi ndinalimba mtima n'kukamufunsa za ntchito yokhazikika. Sanadzutse n'komwe mutu pafoni. Anati malo okhazikika m'gawo lathu ndi atatu, onse ali ndi eni ake, ndipo ine ntchito yanga ndi girizi ndi kansalu. Kwa iye ndinali mayi wopukuta masensa. Sanandifunsepo tsiku ndi limodzi lomwe zimene ndinkachita kwathu. Ndinatuluka muofesimo ndikudziuza kuti munthu ameneyu ndimuonetsa.

Pakona yomaliza ya Mgodi, ngolo isanatulukire powala, panali chimbalangondo. Chinali chachitali kuposa chitseko, cha ubweya wabulauni wothothoka m'zigongono. A Tembo ankati m'masiku ake chinkatuluka m'phanga n'kutambasula mikono pamwamba pa ngolo, anthu n'kutuluka akunjenjemera, n'kukafolanso pamzere. Chinali chitafa zaka zisanu ndi chimodzi. Makolo amene anachiona ali ana ankatifunsabe potsika kuti chinapita kuti, ndipo tinauzidwa kuyankha kuti chikukonzedwa. Ine ndinachiyang'anitsitsa ndi tochi nthawi ya nkhomaliro. Valavu inali yopsa, silinda ya paphewa inkatayitsa mpweya, ndipo paipi yaikulu inali yong'ambika pafupi ndi polumikizira. Ndinaseka ndekha, chifukwa ku Kanengo imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Zinanditengera masabata awiri, theka la ola tsiku lililonse anzanga ali kokadya. Valavu ndinaichotsa pa wokumba miyala wina wakufa. Silinda ndinaitsegula, timphira ta mkati n'kusintha ndi tochokera pa mwala wonamizira kugwa uja, koilo ya magetsi ya valavuyo n'kuyeza ndi mita, zonse zili bwino. Vuto linali paipi. Inali yaikulu kuposa ena onse mumgodimo, ndipo m'chipinda cha zipangizo sindikanatengamo kanthu popanda siginecha ya Kevin. Ndiye ndinachita zimene aliyense wa kwathu akanachita. Ndinadula pong'ambikapo, ndinalowetsa kachitsulo ka bowo pakati, ndinatenga chubu chakale cha njinga n'kuchidula timizere, ndinakulunga mokoka ndi mphamvu zanga zonse, pamwamba pake waya wopotokola ndi pulayazi. Kumanga kotero kwathu kumagwira paipi ya madzi zaka. Ndinkadziwa bwino kuti mpweya wa kompuresa ija si madzi a pampopi wa ku Kawale, koma sindinafune kuziganizira.

Kiyi wa loko ya chimbalangondo anali pamulu wa makiyi a bambo Tembo. Muluwo ankandipatsa m'mawa uliwonse kuti ndikatsegule kachipinda ka makina a utsi, ndipo ndikabweza sankawerenga n'komwe.

Ndinasankha Loweruka la mu Ogasiti, tsiku la anthu ambiri, kuti Kevin adzamve yekha kukuwa kwa alendo. Ngolo zoyesera zitayenda katatu, a Tembo atasaina n'kupita kukathandiza ku gawo lina, ndinakwawira kuseri kwa phanga. Ndinachotsa nsalu, ndinadula timalamba, ndinabwezera babu, n'kutsegula loko ndi kiyi amene ndinachotsa pamulu uja m'mawa. Ngolo yoyamba itafika chimbalangondo chinatuluka. Abale inu, chinatuluka bwino, mikono m'mwamba, kukamwa kuli yasa, ndipo mayi wina m'ngolomo anakuwa mpaka ndinamumva kupyola phokoso la kompuresa. Ndinakhala pansi kuseriko ndikuseka misozi ili m'maso. Pofika masana mzere wa Mgodi unali utafika kwa ogulitsa ayisikilimu.

A Tembo anabwerera cha m'ma thu koloko. Anandipeza m'kachipinda koyendetsera ngolo, momwe muli kanema woonetsa za mkati mwa Mgodi. Anayang'ana kona yomaliza ija, chimbalangondo chikutuluka, chikubwerera, chikutulukanso. Nkhope yawo inamasuka ngati ya munthu amene waona m'bale wake padepoti, kenako inauma.

"Ndiwe?" anandifunsa motsitsa.

"Ndine, bambo."

"Paipi unaichita bwanji? Ija siipezeka."

"Ndamanga."

"Wamanga na chani?"

Nditawauza anatseka maso. "Kazimitse manje manje."

Ndinawagwira mkono. Ndinawapempha mphindi khumi zokha, ndinati Kevin ndamuitana kale pa wailesi ya m'manja, akubwera, akangochiona ndikazimitsa ndekha. Ndinatchula ana anga mayina, ndipo ndinkadziwa pamene ndikukanda. A Tembo anayang'ananso kanema uja, n'kuyang'ana wotchi yawo.

"Teni minitsi," anatero.

Sizinakwane n'komwe zisanu. Tinamva kuphulika ngati tayala la lole, ndipo pakanema chimbalangondo chinagwera kutsogolo mkono umodzi uli panjanji. Masensa anaimitsa ngolo zonse. Paipi yoduka ija inali ikukwapula uku ndi uku, waya wanga ali kunsonga kwake, ndipo inamenya mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi amene anakhala kutsogolo m'ngolo. A Tembo, ndi bondo lawo lomwelo, anafika pa valavu yaikulu ine ndisanatuluke n'komwe pakhomo. Tinayatsa magetsi onse a mkati, ndipo alendo anauona Mgodi momwe ulili, zidole zomangidwa mikono, zina zopanda mitu, zina zofunditsidwa nsalu, fumbi lili mbuu. Tinawatulutsa wapansi mmodzimmodzi pakati pa zimenezo ana akulira. Mwana uja anang'ambika pamwamba pa diso, magazi ali chuchuchu pa diresi lachikasu. Waya akanatsika chala chimodzi diso likanapita. Bambo ake anamunyamula, ndipo podutsa pamene ndinaima ndikuunikira njira anati, "Zikomo mayi, mwatithandiza." Anangoona yunifolomu ndi tochi.

Tsiku lotsatira sindinapite kutchalitchi. Foni inalira kawiri masana, dzina la a Tembo likuwala patebulo, ine ndili pompo ndikuliyang'ana mpaka inasiya yokha. Lolemba ndinakwera mabasi anga atatu.

Mgodi unali wotseka, oyendera zachitetezo atabwera kale n'kupita. Anatiitana tonse a gawo lathu muofesi. Patebulo panali chidutswa cha paipi chija, mphira wa chubu akulendewera. Kevin anachinyamula ndi zala ziwiri.

"Ichi sanamange munthu wophunzira ntchito kuno," anatero. "Ichi ndi cha kwanu uko."

A ku Africa m'chipindamo tinalimo awiri. Kevin sanandiyang'ane n'komwe. M'mutu mwake mayi wa girizi sakanatha kutsegula silinda, ndipo chipongwe chimene chinandipsetsa mtima mu Julayi ndi chomwe chinandibisa tsiku limenelo. Anatembenukira kwa a Tembo n'kuyamba kuwerenga pazala. Kiyi wa loko ndi wawo. Siginecha ya Loweruka ndi yawo. Malipoti onse opempha kudzutsa chimbalangondo chomwechi ndi awo. Woyendetsa ngolo wa tsikulo anawaona ataima pakanema akuonerera chikuyenda, osazimitsa. Mayi wa kuofesi yolemba anthu ntchito, amene anakhala pambali ndi kope, anafunsa ngati pali wina amene akudziwapo kanthu.

Pano ndikufuna ndinene bwinobwino, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti mantha ndiwo anandimanga pakamwa. Sanali mantha. Mutu wanga unali ukugwira ntchito bwino lomwe. Ndinaona kuti ndikayankhula ndichotsedwa lero lomwe, mwinanso kufika kukhoti, ana anga n'kukulira ku Kawale akundionera pafoni. Ndinaonanso nthawi yomweyo kuti a Tembo akachoka, pa malo atatu aja amodzi atsala opanda mwini. Ndinayang'ana nsapato zanga.

A Tembo anandiyang'ana kamodzi kokha. Sikunali kundiopseza kapena kundipempha, anangondipatsa mpata. Mpatawo unatha. Anatembenukira kwa Kevin n'kunena m'Chingerezi kuti, "Ndinachiona chikuyenda, sindinachizimitse. Lembani zimenezo." Sananame liwu ndi limodzi lomwe.

Anawachotsa tsiku lomwelo, mlonda akuwaperekeza mpaka pageti ndi katoni ya zinthu zawo. Chimbalangondo anachidula ndi sowo sabata yotsatira n'kuchitulutsa zidutswazidutswa. Mu Okotobala, anzanga a nyengo imodzi akutsanzika, Kevin anandiitana. Anati wandiona kuti ndine wodekha, wosavuta, wosakonda kulemba malipoti. Anandipatsa malo aja pamodzi ndi mulu wa makiyi womwe uja. Kalata ndinaitumiza tsiku lomwelo, ndipo patapita chaka ndi miyezi ingapo ana anga anatsika ndege atavala majuzi awiriawiri. Sindinama kuti sindinasangalale. Ndinasangalala kwambiri, ndipo mpaka lero ndikawaona akudya ndimasangalala.

A Tembo pamsinkhu wawo, ndi mbiri yoti anavulaza mwana, palibe paki kapena fakitale imene inawalembanso. Anakapeza ntchito yokweza makatoni m'nyumba ina yosungira katundu ku Mississauga, yoimirira tsiku lonse. Zimenezi ndinamva kwa anthu. Kutchalitchi kuja ndinasiya, ndinapeza kwina ku Markham kumene kunalibe wondidziwa.

Tinakumananso ndi a Tembo patapita zaka zitatu, pamaliro a mayi wina wa ku Dedza amene anamwalira ku Toronto. Kuno maliro sathawika, tilipo ochepa. Mwambo utatha panali chakudya m'holo, ndipo amene ankagawa mpunga pamzere wathu anali mayi Tembo, akazi awo. Ndinafuna kusintha mzere, koma mwana wanga wamkazi anali kale kutsogolo mbale ili m'manja. Anamugawira, anamufunsa dzina ndi kalasi, anamusisita patsaya. Kenako ndinafika ine. Anandiikira mpunga ndi nthuli ziwiri za nkhuku, pamene ena ankalandira imodzi.

"Uyu ndiye mwana wako uja, wa ku Kawale?" anafunsa.

"Eya, mayi."

"Wakula bwino. Atate ako a Tembo ali uko pakona, sangaimirire. Bondo anaichita opaleshoni koma inakana." Anandithirira supu mosamala, osadonthetsa. "Ananiuza tsiku lamene lija, vonse. Anati nisakakuuze kuti niziba. Manje nakuuza. Idya."

Ndinanyamula mbale yanga. A Tembo anali pampando, ndodo ili pakati pa miyendo, ataonda mpaka jekete kuwakulira. Atandiona anakweza dzanja kundipatsa moni monga kale. Ndinakweza langa. Pakati pathu panali mapazi khumi okha, ndipo sindinawayende. Ndinakakhala kumapeto kwa holo pafupi ndi mwana wanga, n'kudya chakudya chonsecho.

Ndikugwirabe ntchito yomweyi, tsopano pepala la m'mawa ndimasaina ndine. Obwera kumene ndimawaphunzitsa kuti chotsekedwa ndi loko achisiye ngakhale akudziwa kuchikonza, kuti paipi ya mpweya samanga koma kusintha, ndiponso kuti makiyi sabwereketsa munthu ngakhale wopemphera naye. Amalemba m'timakope tawo n'kumanditenga ngati mayi wosamala kwambiri. Phunziro limene ndinasunga ndekha ndi lina. Munthu ukhoza kukula mpaka kubereka ukudziyesa wachilungamo, chonsecho n'chifukwa choti palibe amene anakuikirapo ana ako mbali ino, mnzako mbali inayo, n'kukuuza kuti sankha. Ine anandiikira, ndipo ndinadzidziwa. Nthawi zina ndikamayenda njanji ija ndi tochi ndimadzifunsa kuti atandibwezera muofesi muja, paipi ili patebulo, a Tembo akundiyang'ana, kodi ndingatsegule pakamwa. Yankho silichedwa kubwera, ndipo ndi lomwe lija.